Chimanga Chowola cha Chrispin

Pamudzi wina kufupi ndi Kabudula panali banja la a Tomasi Mbewe, banja limene anthu ankalitchula akafuna kulangiza ana awo. A Tomasi anali mkulu wa mpingo komanso mlimi wa fodya ndi chimanga. Akazi awo, mayi Nelia, ankatsogolera amayi anzawo pa mapemphero a pakati pa sabata. Anali ndi ana awiri, mnyamata Chrispin ndi mlongo wake Febe. Pakhomo pawo nkhokwe sizinkauma, ndipo mlendo sankachokapo ndi njala.

Chrispin anaphunzira pa sukulu ya mishoni mpaka Sitandade Sikisi. Ankalemba bwino, Chingerezi ankachiyankhula mosadodoma, koma khasu ankadana nalo. Akapita kumunda ankangolima pang'ono, kenako n'kukakhala pamthunzi n'kumachotsa dothi m'zikhadabo. Mtima wake unali pa nsapato zonyezimira zimene ankaziona kumapazi kwa akalaliki a ku boma.

Chaka china kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, mvula inali itakanika m'madera ambiri. Kwa Kabudula anthu anakololako ndithu, koma m'tauni ya Lilongwe zinthu zinaipa. Munadzaza anthu amene anabwera kudzafuna ganyu n'kuisowa, amayi amasiye, ndi ena othawa njala kwawo. Ankagona m'zisakasa m'mbali mwa mtsinje, opanda munda, opanda m'bale. Boma linatulutsa ndalama zogulira chimanga m'midzi imene inali nacho, kuti chizigawidwa ulere kwa osauka a m'tauniwo. Linali thandizo la kanthawi chabe, lowafikitsa pa nthawi ya mondokwa. Panafunika mnyamata wodziwa kulemba woti aziyenda ndi lole, kugula chimangacho ndi kukachipereka kutauni. Abusa atafunsidwa, anatchula mwana wa a Tomasi.

Tsiku loyamba ntchito lisanafike, a Tomasi anamuitana mwana wawo kuseri kwa nkhokwe.

"Chrispin, khala pansi. Abusa akutchula chifukwa cha dzina langa, pakuti iwe dzina lako sunalipange. Tsono tamvera. Ndalama zake n'za boma, inde, koma chimanga chimene uzikanyamula si cha boma. Ndi cha mayi amene mwana wake akulira ndi njala m'chisakasa. Ukatapapo mbale imodzi, wachotsa pakamwa pa mwanayo. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Aa, bambo, kodi mukundiyesa wakuba?"

"Sindikukuyesa kanthu. Ndikukuuza."

A Tomasi ndiwo anali oyamba kugulitsa. Anatsegula nkhokwe yawo yabwino koposa. Mayi Nelia ndi Febe anatonola chimangacho, kuchipeta ndi kuchisankha njere ndi njere, ngati choti adye iwo eni. Anansi ataona zimenezo, nawonso anatulutsa chawo.

Dalaivala wa loleyo anali Alick, munthu wamkulu kuposa Chrispin, amene anakhalako ku Halale ndipo fodya sankachoka pakamwa pake. Ulendo woyamba anakafika kutauni bwinobwino. Ulendo wachiwiri, atafika pa Nsaru, Alick anakhotetsa lole n'kukaiimika kuseri kwa sitolo ya munthu wina wamalonda.

"Taimiranji pano?" anafunsa Chrispin.

"Tsikani, akalaliki, mudzaone kanthu."

Kuseriko kunali kanyumba ka denga lodontha. Alick atakankha chitseko, fungo linamuwomba Chrispin kumaso mpaka anabwerera m'mbuyo atatseka mphuno. Pansi panali mulu wa chimanga cha chaka chatha chimene chinanyowa ndi mvula. Chinali chitachita chuku chobiriwira ndi chakuda, chitagwirana mibulumibulu. Anankafumbwe ankayenda pamwamba pake ngati nyerere, ndipo pakona panali khoswe wakufa, wotupa, amene palibe anavutika kumuchotsa.

"Ichi n'chotaya," anatero Chrispin. "Ngakhale nkhumba singadye."

"Nkhumba ili ndi mwini wake woidyetsa," anatero Alick akuseka. "Aja a m'zisakasa alibe. Taonani, mphwanga. Titsitsa matumba angapo abwino, bamboyu atigula. M'matumba mwathu tithira ichi pansi, chabwino pamwamba. Akatsegula kutauni aona choyera."

"Nanga anthu akadwala?"

"Adwala chiyani? Amatsuka, amasinja, amaphika. Moto umapha zonse. Komanso n'chaulere, eti? Analipira zingati kuti azisankha? Inu mwaphunzira mpaka Sitandade Sikisi kuti muziyenda ndi mapazi ong'ambika chonchi? Taonani zidendene zanuzo."

Chrispin anayang'ana mapazi ake. Anangoima potero akuyang'ana kumbali, pamene anyamata a wamalonda uja ankafosholera zowolazo m'matumba a boma. Pochoka pa Nsaru anali ndi nsapato zachikopa kumapazi, ndipo pakhosi pake panali potentha ndi kachasu amene anamulawa koyamba tsiku limenelo.

Kutauni palibe anadandaula. Amayi ankalandira chimangacho m'malichero ndi m'nsalu zawo, n'kumawomba m'manja akugwada. "Zikomo, bwana. Mulungu akudalitseni." Chrispin anamva kukoma kutchedwa bwana.

Sipanapite nthawi, anagula chipewa, kenako jekete, kenako njinga yakuda ya belu. Kutchalitchi anayamba kujomba, ati watopa ndi ntchito ya boma. Tsiku lina mayi Nelia akuchapa zovala zake anaima, n'kununkhiza malaya, n'kukwinya nkhope.

"Chrispin, tabwera kuno. Malaya akowa akununkha chiyani?"

"Thukuta, mayi. Ntchito yake njolemetsa."

"Thukuta ndimalidziwa, ndakhala ndikuchapira bambo ako kuyambira usanabadwe. Ili ndi fungo la chimanga chovunda. Ukuchitenga kuti chimanga chovunda, pamene ife tikukupatsa choyera?"

"Mayi, inu za boma mumazidziwa? Matumba amachokera kosiyanasiyana. Musamandifunse ngati kamwana."

Mayi Nelia anabwerera ku zochapa zawo. Mwana wawo anali asanawayankhepo choncho.

A Tomasi nawonso anafunsa za njinga.

"Malipiro a kalaliki agula njinga msanga chonchi?"

"Bwana wa ku boma wandipatsa mphatso, poona khama langa."

"Chabwino. Ngati ndi choncho, Lamulungu ubwere nayo kutchalitchi tikathokoze Mulungu pamaso pa anthu."

Lamulungu limenelo Chrispin analawirira kupita ku Nsaru, ndipo anabwerako akudzandira.

Kuyambira pamenepo Alick sankafunikanso kumunyengerera. Chrispin ndiye anayamba kubweretsa nzeru zatsopano. Ndiye ananena kuti azithiramo mchenga ndi mankhusu kuti matumba azilemera. Ndiye ananena kuti asamavutike n'kuika chimanga chabwino chambiri pamwamba, chikhatho chimodzi chikwana. Chimanga chowola cha pa Nsaru chitatha, anayamba kuyenda yekha pa njinga m'midzi ya ku Mpingu ndi ku Kasiya, kufunsa amene ali ndi zotsalira za pansi pa nkhokwe, zimene anthu ankafuna kukataya kudzala. Ankanama kuti akufuna kudyetsa nkhumba. Zonsezo ankazisonkhanitsa m'chigafa chakale cha fodya chimene chinasiyidwa m'mphepete mwa dambo, kutali pang'ono ndi mudzi wa kwawo.

Tsiku lina masana Febe anapita kudamboko kukathyola ndiwo. Anamva fungo ngati la chinthu chakufa, ndipo analondola kumene linkachokera. Atasuzumira m'chigafa muja anaona mlongo wake atavula jekete, atapinda malaya, akutapa ndi manja ake chimanga chakuda chonyowa n'kumathira m'thumba. Mphutsi zoyera zinkayoyoka pakati pa zala zake. Pambali panali matumba a chimanga choyera chimene iye Febe ndi mayi ake anapeta, chitakhuthulidwa kale m'matumba a wamalonda.

Febe anasanza pomwepo.

"Achimwene! Mukuchita chiyani?"

Chrispin analumpha. "Ukufuna chiyani kuno? Choka!"

"Zimenezi mukukapatsa anthu? Anthu enieni, okhala ndi ana? Inu mungaike zimenezi m'kamwa mwanu?"

"Ine sindine wopemphapempha. Amene akufuna zabwino akalime."

"Mukalime inu amene khasu limakuwotchani m'manja! Ndikukawauza bambo."

Chrispin anamumenya khofi ndi dzanja lomwe lija la zowola. Febe anapukuta tsaya lake, n'kuyang'ana zimene zinamatirira m'chikhatho mwake. Sanalire. Anamuyang'ana mlongo wakeyo ngati akuyang'ana chimbudzi chosefukira, kenako anatembenuka n'kuthamangira kumudzi.

A Tomasi atamva, anaimirira. Kenako anatenga ndodo yawo ndi chipewa.

"Mukupita kuti, bambo a Chrispin?" anafunsa mayi Nelia.

"Ku boma. Ndikanene."

"Mukanene mwana wanu yemwe? Akammanga!"

"Nanga ana a eni ake amene akudya mphutsi?"

Mayi Nelia anagwada n'kuwagwira miyendo. "Ndapota nanu, dikirani lifike Lamulungu. Tiitane abusa ndi akulu a mpingo amukhazike pansi. Mwina alapa, n'kubweza zimene watenga. Musamutaye mwana osamupatsa mpata."

A Tomasi anaima pakhomo akulimbana ndi mtima wawo. Potsiriza anabweza ndodo pamalo pake. Chrispin sanabwere kunyumba tsiku limenelo, ndipo m'mawa mwake, Lamulungu likadali kutali, lole inanyamula matumba a m'chigafa muja n'kulunjika kutauni.

Pamalo ogawira chimanga anthu anali ambiri monga mwa masiku onse, koma panalibe wowomba m'manja. Amayi anaima duu, malichero ali pansi. Chrispin anatsika m'lole, nakonza chipewa chake.

"Imani pamzere! Amene sakufuna azipita!"

Palibe anasuntha. Kenako mayi wina wowonda, atamanga kansalu kakuda kumutu, anatuluka pagulupo atanyamula kamphika. Dzina lake anali Elube, wamasiye amene mwamuna wake anafera ku migodi ya ku Joni.

"Ndinu amene mumatibweretsera chimanga, eti?"

"Ndine. Mukufuna chiyani, mayi?"

"Ndimati ndikuoneni nkhope. Mwana wanga Andrea tamuika dzulo. Anali atangoyamba kuyenda. Ndinatsuka chimanga chanu, ndinachiyanika, ndinasinja, ndinasefa mchenga. Fungo silinachoke. Koma mwana ankalira, ndipo ndinalibe china. Ndinamuphikira phala. Anatsekula m'mimba mpaka anatha ngati kansalu." Analoza zisakasa za kumtsinje. "Uko kwagona ana ena, ndi nkhalamba. Pitani mukamve fungo lake."

"Zimenezo si za ine," anatero Chrispin. "Ine ndimangonyamula. Chimanga n'chabwino, taonani nokha."

Anamasula thumba limodzi n'kuonetsa choyera cha pamwamba. Mayi wina wamphamvu anamukankhira kumbali, nagwira thumbalo kumatako n'kulikhuthulira pansi lonse. Choyera chija chinangoti waa pang'ono, kenako panatuluka chimulu chakuda chonyowa, mchenga, mankhusu, ndi mphutsi zikunyololoka padzuwa. Fungo linakwera mpaka amene anali kutsogolo anatseka mphuno ndi nsalu. Anakhuthula lachiwiri, lachitatu. Onse chimodzimodzi.

Chrispin anacheuka kuti aitane Alick. Chitseko cha lole chinali chotsegula, pampando palibe munthu. Alick anali atazemba kalekale, ndipo sanaonekenso m'dera limenelo.

Amayi anamuzungulira. Sanamumenye. Anamugwira manja ndi miyendo n'kumukhazika pansi pafupi ndi mulu uja. Elube anavundukula kamphika kake. Munali phala lotuwa mobiriwira, lozizira, lonunkha ngati madzi a m'chithaphwi.

"Ili ndi limene anasiya mwana wanga. Mwati n'chabwino. Idyani, bwana."

"Mayi, pepani, ndikhululukireni..."

"Idyani. Andrea anadya osakana."

Anamutsegula pakamwa n'kumuthira. Chrispin anameza kamodzi, ndipo anasanzira jekete lake ndi nsapato zake zachikopa. Anamuthiranso. Anasanzanso, akulira ngati mwana, mamina ndi misozi zikusakanikirana ndi phalalo. Palibe anaseka. Amayi ankangomuyang'ana atakwinya nkhope, ena n'kumalavula pansi. Amesenjala a ku boma atafika anachita kumukoka pakati pawo, ndipo iwonso ankamugwira ndi nsonga za zala chifukwa cha kununkha.

Mlandu sunavute. Wamalonda wa pa Nsaru, pofuna kudzipulumutsa, anaulula zonse, ngakhale naye sanapulumuke. Chrispin anagamulidwa kukakhala kundende zaka zingapo akugwira ntchito yakalavulagaga. Koma choipa chake sichinathere pa iye yekha. Boma linayamba laimitsa kugawa chimanga kuti lifufuze bwino, ndipo pa masabata amenewo anthu a m'zisakasa, amene sanalakwe kanthu, anagona ndi njala yoposa kale. Ndalama zimene zinatulutsidwa kuti ziwapulumutse zinali zitathera pa njinga, pa kachasu, ndi m'thumba la Alick.

A Tomasi atamva za mwana wa Elube, anakhala pansi pakhonde n'kuphimba nkhope. Mayi Nelia ankalira akudzigunda pachifuwa. "Ndine ndinakuletsani! Ndine!"

"Munandiletsa inu, koma amene anabweza ndodo ndine," anatero a Tomasi. "Mwana uja anali atadya kale, sindikanamupulumutsa. Koma ndinadziwa kuti matumba ena ali m'njira, ndipo ndinakhala pansi kuteteza dzina langa."

Lamulungu lotsatira anaimirira pamaso pa mpingo n'kutula udindo wawo. Abusa anawakakamiza kuti asatero, koma iwo anakana. M'mawa mwake anamanga ng'ombe pa ngolo, nakokolola chimanga chonse chimene chinatsala m'nkhokwe zawo, n'kupita nacho okha kutauni pamodzi ndi Febe. Amayi a m'zisakasa atamva kuti awa ndi bambo ake a mnyamata uja, anakana kulandira mpaka a Tomasi atakhuthula thumba lililonse pansi pamaso pawo. Munthu amene mawu ake ankakhulupiriridwa kwa Kabudula konse anaima pamenepo chipewa chili m'manja, amayi akufukula chimanga chake ndi timitengo kufunafuna mphutsi. Chaka chimenecho banja la a Mbewe linadya gaga ndi maungu mpaka kukolola.

Asanamutumize kundende yaikulu, a Tomasi anapita kukamuona mwana wawo. Anamupeza atametedwa mpala, atavala zoyera za akaidi.

"Bambo, ndithandizeni. Kawauzeni kuti anandinyenga ndi Alick."

"Alick ndiye anakugwira dzanja m'chigafa muja? Alick ndiye anamenya mlongo wako?"

Chrispin anawerama.

"Ndakhala ndikuganiza kuti ndikuuze chiyani," anapitiriza a Tomasi. "Wakuba wolowa m'nkhokwe ya munthu wolemera ndimamumvetsa, ngakhale ndi tchimo. Koma iwe unali wokhuta. Unadya kwanu, n'kupita kukaba m'mbale ya mwana wamasiye, n'kumuthiriramo zonyansa, iye akukuthokoza. Ndikakuyang'ana, mwana wanga, mseru umandigwira. Ndidzakupempherera tsiku lililonse, pakuti ndiwe wanga. Koma bodza sindikakunenera."

Chrispin anatuluka kundende ali wowonda, akutsokomola, mano ena atagweruka. Mayi ake anali atamwalira iye ali komweko. Febe anali atakwatiwa ku Nambuma, ndipo ngakhale anamulandira ndi ulemu, sankalola kuti agwire chakudya cha ana ake. Kumudzi palibe ankamutuma ngakhale kukagula mchere.

Zaka za kundende zinamuphunzitsa kupemphera, ndipo tsiku lina anayenda wapansi mpaka kutauni kukafunafuna Elube. Anamupeza akugulitsa nkhuni pafupi ndi msika, tsitsi litayamba imvi. Anagwada pafumbi, anthu akuona.

"Mayi, ndine Chrispin, uja wa chimanga. Ndabwera kudzapepesa."

Elube anamuyang'ana kumaso.

"Ndakuzindikirani. Dzukani, mukunditchingira ogula. Ngati Mulungu wakukhululukirani, zimenezo n'za inu ndi Iye, ine sindingamuletse. Koma Andrea bwenzi pano akupita kusukulu. Mungandibwezere ameneyo?"

Chrispin anadzuka n'kubwerera kwa Kabudula, kumene anakhala moyo wake wotsala akulima kamunda ka bambo ake, osakwatira, akukhala pa benchi ya kumbuyo m'tchalitchi.

Anyamata ndi atsikana amene mukuphunzira lero, mawa ena a inu mudzapatsidwa katundu wa anthu ovutika kuti mukawagawire. Adzakuuzani kuti n'za boma, zilibe mwini, ndipo palibe adzadziwe. Limenelo ndi bodza. Thandizo la osauka lili ndi eni ake, ndipo eni akewo ndi anthu amene alibenso kwina kolowera. Kuba zimenezo si kuchenjera, ndi kupha. Mulungu amakhululukira wolapa, koma kulapa kwa Chrispin sikunadzutse mwana wa Elube m'manda.